A Zuze Sanafere Pamsewu

Sabata yatha tinaika chiliza pamanda a apongozi anga, a Zuze Mvula. Anthu anabwera ambiri, ena kuchokera ku Boma, ena ku Kavalamanja, ndipo abale a ku Zumbo anaoloka ndi bwato. Pobwerera kunyumba, mayi wina amene sindimudziwa anandigwira dzanja n'kundifunsa chapansipansi.

"Amake Tiza, ni zoona kuti amdala aja anafera pa njinga?"

Ndinamuuza kuti ayi. Anafera pampando wawo masana, atasamba, atadzola mafuta, wailesi ikulira pambali. Mayi uja anaoneka ngati ndamumana kanthu. Iye ankafuna imfa yofanana ndi munthu wake, ndipo sindinamuimbe mlandu, chifukwa nafenso pakhomo pano tinakhala zaka tikuidikira imfa yomweyo. Tinkadziwa mmene uthenga udzafikire: munthu akuthamanga kuchokera kumsewu manja ali kumutu, ife n'kutenga chitenje kukatola zotsala. Pamaliro ndinalira monga mpongozi ayenera kulira, ndipo misozi inali yeniyeni. Koma pansi pa misoziyo mtima wanga unali utakhala pansi. Tinawasambitsa thupi lili lathunthu.

Anthu ambiri sankawatchula dzina lawo. Ankati a Sipoko, chifukwa anali wamtali, wowonda, wowongoka ngati sipoko ya njinga. Nditangokwatiwa ndi mwana wawo Lameki, chinthu choyamba chimene ndinaona m'nyumba mwawo chinali njinga yolendewera kudenga, matayala ake opyapyala ngati chala, handulo yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Inalibe kaliyala, inalibe belu. Ndinafunsa mwamuna wanga kuti njinga yosanyamula ngakhale thumba la mchere ndi yantchito yanji. Anandigwira pakamwa n'kuyang'ana kukhomo.

Malemu apongozi anga aakazi ankakonda kunena kuti pakhomo pawo panali mitala, ndipo iwo ndiwo anali mkazi wamng'ono. Wamkulu ankagona m'mwamba, osaphika, osatunga madzi, koma ndiye ankapukutidwa m'mawa uliwonse. A Zuze sankatsutsa. Ankangopitiriza kutsuka tcheni ndi kamswachi kakale, akumwetulira. Kwa iwo munthu ankadziwika ndi mmene wayedzamitsira njinga yake: woigwetsa pansi adzagwetsanso mkazi ndi ana. Ankatinso mphepo ya kumaso ndiyo mdani wabwino, chifukwa imabwera ukuiona, ndipo chikweza sachikwera ndi pakamwa. Mawu otsirizawa ankawanenera makamaka andale, ndi Lameki akayamba kulonjeza zolima munda wa kudambo.

Nthenda ya njingayi a Zuze anaitenga kumigodi. Ali mnyamata anagwira ntchito ku Mufulira, ndipo kumeneko kunali kalabu ya anyamata opikisana panjinga. Za mphotho sankakamba kawirikawiri. Ankakamba za njala ya pamsewu, za mnzawo wina amene ankabisa nthochi m'malaya, za kapitawo amene ankawalola kutuluka msanga tsiku la mpikisano. Atabwerera kuno kufupi ndi Katondwe analima mapira ndi chimanga monga aliyense, anaweta mbuzi, koma m'mawa dzuwa lisanayambe kubaya ankatsitsa njinga ija n'kuloza ku Boma. Ankakafika pamene Luangwa amathira mu Zambezi, n'kugula pende imodzi kwa asodzi, kuikulunga m'nyuzi, kuiika m'thumba la kumsana kwa malaya, n'kubwerera. Nsombayo inkafika itatenthedwa ndi msana wawo. Ndinkailandira ndi manja awiri nditagwada patali, kudzera mwa mwana, chifukwa kwathu mpongozi sayandikira apongozi aamuna.

Maso ndiwo anayamba kuwasiya. Kuchipatala cha mishoni anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi nthenda ina imene imadya maso kuyambira m'mbali. Anawapatsa mankhwala odontheza, amene ankaiwala dala. Iwo ankati akuona bwinobwino, koma tsiku lina anauza mnzawo wa kutchalitchi, a Bonifasi, kuti dziko analiona ngati akusuzumira m'bango: pakati pokha, kwina konse utsi. A Bonifasi, amene sankasunga kanthu m'mimba, anadzatiuza madzulo omwewo.

Kenako inafika nyengo ya masau, pamene njovu zimatsika kudzadya zipatso m'mbali mwa msewu. Nkhaniyi tinaimva kwa dalaivala wa minibasi amene anachita kupatuka kudzatiuza, nkhope yake itachita phulusa. Anati anaimitsa basi patali chifukwa chinjovu chachimuna chinali chitaima m'mphepete mwa tala, chikugwedeza mtengo wa msau. Galimoto ina inali itaimanso mbali inayo. Onse anazimitsa injini. Ali chidikire, anangoona mdala wa njinga wawapitirira ngati mphezi, mutu uli pansi. Anthu anakuwa, ena anamenya mabati a basi, koma iye sanacheuke. Anadutsa pafupi ndi njovuyo moti chitamba chikanangomutola. Ndipo podutsapo anakweza dzanja n'kuifuulira moni kuti, "Mwachoma bwanji!" Njovu inatambasula makutu, inabwerera m'mbuyo phazi limodzi, n'kumuyang'ana akupita.

A Zuze atafika, Lameki anali ataima pabwalo akuwadikira.

"Atata, munaona chiyani pa masau paja?"

"Munthu wa malasha, na masaka yake."

"Inali njovu, atata! Basi yonse inaona!"

"Basi yonse inali itamwa. Ine njovu niidziwa, n'nabadwira kuno. Chokapo nipite nikasambe."

Tsiku lotsatira Lameki anagula tcheni cha galu ndi loko, n'kumangirira njinga ija ku nsanamira ya m'nyumba. Mkangano umene unabuka sindinauonepo pakhomo pano. A Zuze anakumbutsa mwana wawo kuti anamuphunzitsa kupalasa akadali wamamina, anamuopseza kuti amuitanira akuluakulu a banja, anati munthu womanga njinga ya atate ake angathenso kuwamanga iwo eni. Lameki analira koma kiyi sanapereke. Patapita masiku angapo a Zuze anabwereka njinga ya mphunzitsi wina pomunamiza kuti akungofika pachigayo. Anawapeza m'ngalande pafupi ndi mishoni, bondo litang'ambika, atawomba mwala umene mwana aliyense akanauzemba.

Atachira bala lija anasiya kukangana, ndipo apa m'pamene ine ndinachita mantha kwambiri. Ankakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, manja pamaondo. Chakudya ankangochilawa. Shuga inakwera, mapazi anatupa, nsapato zinakana kulowa. Mwana wanga Tiza akawafunsa nkhani za kumigodi ankati aiwala. Ndinauza Lameki kuti tawapulumutsa ku njovu kuti atifere m'manja pang'onopang'ono. Iye anati ndisankhe ndine imfa imene ndikuifuna. Tinagona osalankhulana.

Amene anabwera ndi nzeru ina ndi mlamu wanga Filomena, mlongo wake wa Lameki. Iye amagwira ntchito ya mafizo ku Lusaka, yophunzitsa odwala kuyendanso akathyoka kapena akafa ziwalo. Anatsika basi ndi makatoni awiri akuluakulu. Anati ndi makina opalasira njinga m'nyumba, wabwereka kwa anzake a kalabu ya njinga kuti atate ayese onse awiri. Amene adzawakonde adzatsala, enawo abwerera nawo.

Oyamba anali chitsulo cholemera cha miyendo yotambalala. Unkachotsa gudumu la kumbuyo n'kumangirira njinga pachitsulocho, ndipo inkaima nji, ngakhale mwana akanakwera osagwa. Achiwiri anali chimango chogona pansi chokhala ndi migolo itatu yosalala, iwiri kumbuyo, umodzi kutsogolo, yolumikizidwa ndi lamba. Njinga unkangoisanjika pamwamba pa migoloyo, popanda chilichonse choigwira. Ukapalasa, migolo inkazungulira pansi pa matayala, ndipo kuti usagwe zinali kwa iwe ndi chiuno chako. Makina onse awiri ankalowa kumalaiti, ndiye kuti kumagetsi, ndipo ankamvana ndi foni: foni ikaonetsa chikweza, mapedulo ankalimba okha, ikaonetsa mtsetse, ankapepuka.

Filomena anali atasankha kale mumtima mwake. Achiwiriwo anangowatenga chifukwa mwini wake anamukakamiza.

"Atata, aya omangirira ndiye anu. Simungagwe. Pa msinkhu wanu mukathyola fupa la m'chiuno simudzaukanso, nimaziona tsiku na tsiku."

A Zuze anagwada n'kupapasa chitsulo chija. Anafunsa kuti gudumu lawo lipita kuti. Atauzidwa kuti likhala pambali, anapukusa mutu. Kenako dzanja lawo linagwera pa migolo ija. Anauzungulitsa umodzi ndi chikhatho, n'kutchera khutu. Nkhope yawo inasintha.

"Marola," anatero. "Filo, aya ni marola. Ku kalabu tinali nayo ya chitsulo, tinali kukwerapo nthawi ya mvula. Yanali kulira monga chigayo."

"Ndiye oopsa amenewo, atata."

"Njinga imene siingakugwetse si njinga. Ni makina osokera. Unibweretsere na nsalu nizisoka mayunifomu."

"Maso yanu siyaona m'mbali."

"Pa marola sayang'ana m'mbali. Sayang'ana na pansi. Uyang'ana chinthu chimodzi kutsogolo, basi. Chimodzi nikali kuchiona."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Filomena anawerengera zoipa zonse za marolawo: ukasiya kupalasa wagwa, ukacheuka wagwa, kukwera ndi kutsika komwe kumafuna munthu wokugwira, ndipo pa zikweza zazikulu salimba kufika pamene amafika omangirira aja. A Zuze anavomera zonsezo ngati munthu amene akumva mbiri yabwino ya mkazi amene akufuna kukwatira. Lameki anali kumbali ya mlongo wake. Ine sanandifunse, ndipo sindikanayankha pamaso pa apongozi. Koma ndili kukhitchini ndi Filomena ndinamuuza kuti chipolereni bala lija, lero ndi tsiku loyamba kumva atate akukweza mawu. M'mawa mwake Filomena anakokera marola aja pakhomo la pakati, lolowera kuchipinda, kuti mafelemu a chitseko akhale pafupi ndi zigongono zawo mbali zonse ziwiri. Pakhoma la kutsogolo anamatapo pepala loyera loti aziliyang'ana.

Ulendo woyamba anagwa asanapalase kakhumi. Njinga inaterereka, phewa linagunda felemu, Filomena anakuwa. A Zuze anatsamira khoma akuseka mpaka kutsokomola. Anati marola amakono ndi aulemu, akale aja akanawaponya panja.

Vuto linadza Filomena atabwerera ku Lusaka ndi makina ake osokera. Pankafunika munthu wogwira chishalo pokwera ndi potsika. Lameki anayesa, koma mantha ankamuchititsa kugwira mwamphamvu n'kumafuula malangizo, ndipo atate ake ankamuthamangitsa. Komanso m'mawa iye amakhala ali kusukulu kumene amaphunzitsa. Panatsala ine, amene kwa zaka zonsezi ndinali ndisanawapatsepo ngakhale kapu ya madzi m'manja.

Tsiku lina ndinaona a Bonifasi akubwera kukhitchini atanyamula nkhuku yoyera. Anakhala pamtondo, anatsokomola, n'kunena kuti atumidwa. A Zuze akuti kuyambira lero si ine mpongozi wawo, ndine mwana wawo wamkazi, ndipo nkhukuyi ndi yochotsa manyazi. Ndinatumiza mawu kwa azakhali anga, iwo anati munthu wamkulu akatsegula yekha njira, iwe usaitseke. M'mawa mwake ndinaima kumbuyo kwa njinga, ndikuyang'ana kumbali.

"Amake Tiza," anatero, "osagwira ine, gwirani chishalo. Na zala ziwiri chabe. Mukamva kuti njinga yayamba kuimba, siyani. Osaniuza kuti mwasiya."

Ndinaphunzira kuimva nyimboyo. Poyamba migolo inkalira mokakamira, njinga ikugwedezeka uku ndi uku. Kenako kulirako kunkasalala, kukhala ngati njuchi zili mumphako, ndipo chishalo chinkapepuka m'zala zanga. Pamenepo ndinkasiya n'kubwerera m'mbuyo. Mdala wa imvi, wosaona bwino, ali pamwamba pa migolo yozungulira, wosagwiridwa ndi kanthu, msana uli phee ngati madzi a m'mbale.

Mapazi anaphwa. Chakudya chinayamba kutha m'mbale. Koma ndisaname kuti zonse zinakhala bwino. Foni ija inkaonetsa misewu ya maiko akutali, tianthu tojambula tikupikisana m'mapiri a chipale, ndipo a Zuze zimenezo sizinawakhudze. Ankati mapiri a eni ake sawadziwa, chikweza chopanda dzina ndi ntchito yolemetsa chabe. Lameki akaweruka kusukulu ankamanganso njinga ku nsanamira, ndipo iwo ankamvetsera kulira kwa loko nkhope itauma. Kawiri konse ndinawapeza akupapasa m'matumba a jekete la mwana wawo. Ndinkadziwa chimene akufuna. Ndinkadziwanso kuti tsopano miyendo yabwerera mphamvu, ndipo akadzapeza kiyi sadzathera pachigayo.

Ndinamuimbira Filomena n'kumuuza zimenezi. Iye anafunsa anzake aja, ndipo anatiuza chochita. Loweruka lina Lameki anaika foni m'thumba, anakwera honda, njinga yamoto ya mnzake, n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera pakhomo pano mpaka ku Boma, kuti foniyo iloweze msewu wonse ndi zikweza zake. Atate ake sitinawauze kanthu.

Lamlungu titabwera ku Misa, a Zuze anakwera monga mwa masiku onse. A Bonifasi anali pampando akudikira tiyi. Lameki anakhala pansi ndi foni m'manja. Ndinagwira chishalo, njinga inayamba kuimba, ndinasiya.

Anapalasa kanthawi. Kenako mapedulo anapepuka pang'ono, n'kulimbanso mwadzidzidzi. Ndinaona mutu wawo ukudzuka.

"Iwe Lameki. Aka kamtsetse na kachikweza pamwamba pake, monga pa kamlatho ka kwa Sitolo."

Lameki anachotsa maso pafoni. Anandiyang'ana, maso ali gwa.

"Ngati ni pamenepo, manje pabwera pafulati patali, ndiye chikweza cha pa chigayo." Anadikira, akupalasa. Mapedulo analimba. "Ni chamene ichi! Mwaika msewu wanga mu makina?"

"Ni wamene, atata."

"Koma achimeta chikweza ichi. Chenicheni chimaluma kupambana apa."

Kuyambira pamenepo anatiyendetsa msewu wonse ndi pakamwa. Apa pali mlambe wobowoka. Apa amayi amagulitsa masau m'mabeseni. Apa mchenga umalowa m'tala mvula ikagwa. Lameki ankayang'ana mapu pafoni n'kumagwedeza mutu, nthawi zina akuseka, nthawi zina akupukuta m'maso. A Bonifasi anaiwala tiyi wawo. Thukuta linkagwa kuchokera pachibwano cha a Zuze ngati denga lodontha.

Atapalasa nthawi yaitali, mawu anawathera. Tinayesa kuti atopa. Koma m'malo mochepetsa anayamba kuwonjezera. Kulira kwa migolo kunakwera, mbale za m'kabati zinayamba kulira nazo, gudumu la kutsogolo linkapita uku ndi uku mpaka m'mphepete mwa mgolo. Ndinatambasula dzanja.

"Osanigwira!"

Anapalasa choncho, mutu pansi, mano ataluma, ngati munthu wothamangitsidwa. Kenako anaongoka, anachepetsa pang'onopang'ono, anatsamiritsa chigongono pafelemu n'kuima. Ndinagwira chishalo. Thupi lawo lonse linkanjenjemera, ndinkalimva kudzera m'chitsulo.

"Tapita pa masau paja," anatero, akupuma movutika.

Tonse tinawayang'ana.

"Inali njovu. N'nayamba kumva fungo, koma n'nali n'tathamanga kale. Pamene n'naiona inali pano, pa phewa. Makwinya ya khungu lake n'nayaona. Moni uja n'napereka chifukwa sin'nadziwe china chochita, pakamwa panatseguka pokha." Anapukuta thukuta kumaso. "N'tafika kutsogolo n'natsika, n'nakhala mu ngalande. Munikhululukire amake Tiza, buluku inali itanyowa. N'nakhala mpaka inauma, ndiye n'nabwera kunyumba kudzakutukana iwe."

Lameki anaika foni pansi. Anafuna kulankhula koma atate ake anamuletsa ndi dzanja.

"Loko uja ukamangire mbuzi. Ku msewu sinizapitako. Osati chifukwa cha loko, iyayi. Nanena nekha."

A Bonifasi anati, "Ambuye alemekezeke," ndipo a Zuze anawauza kuti asalowetse Ambuye pa nkhani ya buluku.

Usiku umenewo njinga inagona yosamangidwa. Sindinagone tulo, ndikumvetsera chitseko. M'mawa ndinaipeza ili pomwepo, eni ake akutsuka tcheni. Ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo, zaka zingapo ndithu, tayala la njinga ija silinapondenso fumbi.

Sikuti anasanduka munthu wokhutira. Tsiku lililonse ankawapeza mlandu marola aja. Ankati pamtsetse weniweni munthu amapumitsa miyendo n'kumvera mphepo, koma apa ukapumitsa wagwa, ndiye kuti makinawa sadziwa chifundo. Ankati mulibe fungo la nsomba zowamba, mulibe agalu, mulibe dzenje loti ulizembe. Lameki atawagulira fani kuti iziwapepesa, anati mphepo ya fani ili ngati mlamu wofuna ngongole, imangokuuza zokoma. Malaiti akapita, makinawo ankasiya kumva foni ndipo msewu wonse unkakhala fulati. Masiku amenewo ankati akupalasa pamwamba pa Zambezi, ndipo ankatsika msanga atakwiya. Koma wina akayerekeza kunena kuti bwenzi atangotenga omangirira aja, ankamuyang'ana ndi diso lawo la m'bango mpaka munthuyo asinthe nkhani. Mlendo wina wochokera ku Lusaka atawafunsa ngati marola ndi abwino kugula, anamuyankha kuti zitengera chimene wataya. Ngati wataya mphamvu, agule omangirira. Ngati wataya msewu, agule amene angamugwetse.

Chimene chinkawasowa kwambiri chinali anthu. Ndiye tinasamutsa marola aja kuwaika pakhomo la kunja la nyumba yawo, loyang'ana kunjira yopita kumishoni, ndipo ndinapachika thumba loyera la ufa pamtengo wa patsogolo kuti likhale choyang'ana chawo. Masiku oyamba anthu ankaima n'kumaloza. Amayi a pamjigo anati mdala wa kwa Mvula wapenga, akuthamangitsa njinga yosachoka pamalo. Koma anazolowera, ndipo unasanduka moni wa m'mawa. Wopita kuchipatala, wogulitsa nsomba, masisitere a kumishoni, onse ankafuula ali panjira.

"A Sipoko! Mwafika pati?"

"Nili pa mlambe! Osanikambitsa, pali chikweza!"

"Mukatigulireko pende ku Boma!"

"Bweretsa ndalama!"

Sankacheuka poyankha. Anaphunzira kuzindikira anthu ndi mawu, ndipo wodutsa osapereka moni ankamudziwa ndi mapazi, madzulo n'kumutumizira mawu.

A Bonifasi okha ndiwo sanagonje. Mpaka mapeto ankati munthu wamkulu kutuluka thukuta lonselo osafika kulikonse ndi kuseweretsa mphamvu zimene Mulungu anapereka. A Zuze ankawafunsa kuti nanga iwo, pozungulira mikanda yomweyomweyo ya korona m'mawa ndi madzulo, anafika kuti. A Bonifasi ankanyamuka atakwiya, n'kulumbira kuti sadzapondanso pakhomo pa munthu wonyoza, mawa lake n'kubwera nthawi ya tiyi.

Chaka chawo chomaliza ulendo unafupika. Ku Boma anasiya kufikako. Ankathera pamlambe, kenako pachigayo, kenako pakamlatho. Sanadandaule, ankangoti msewu watalika. Zala zanga ziwiri zinakhala dzanja lonse, ndipo masiku ena sindinkasiya konse chishalo. Ankadziwa, koma sananene, inenso sindinanene. Tsiku limene anatisiya sanakwere n'komwe. Kunali mitambo, anati mawondo akuwawa, apuma. Anasamba, anapempha mafuta odzola, anakhala pampando. Tiza ndiye anapita kukawaitana kuti adzadye.

Marola aja Filomena anawatenga, akuti pali mtsikana wina ku kalabu kwawo amene akuphunzirirapo. Njinga ili kwa Tiza ku koleji, anaiikira belu, chinthu chimene agogo ake sakanalola. Khomo lija tsopano ndi khomo chabe. Ndimadutsapo ndi ndowa pamutu nthawi iliyonse imene ndafuna, osadikira kuti munthu atsike chikweza. Simenti ya pansi inayera ndipo inadyeka pakati, pamene pankagwera thukuta, moti ndikakolopa madzi amaima pamenepo. Nkhuku ina yapeza kuti m'kona mwake ndi mozizira, imabwera kudzagona masana.

Mvula itatha Lameki anagula penti wobiriwira n'kupaka mazenera ndi zitseko za nyumba yonse. Atafika pakhomo lija anaima ndi bulashi m'manja, kenako anapitirira kukapaka zenera la kuseri. Mafelemu ake akadali a thabwa losapaka. Pa msinkhu wa chigongono cha munthu wokwera njinga pali malo awiri akuda, osalala, onyezimira ngati mpini wa khasu lakale. A kumanzere ndiwo aakulu, chifukwa ndiko ankapendekera akatopa.